Mphamvu za Mphunzitsi Zifike Kumapeto kwa Chaka



Pa 5 Okutobala maiko onse amakumbukira aphunzitsi, mwambo umene bungwe la UNESCO lidakhazikitsa m'chaka cha 1994. Pa tsiku lotere pamamveka mau ambiri otamanda, ndipo ndi oyenera ndithu. Koma matamando salowa m'kalasi Lolemba m'mawa kukathandiza munthu kukhazika ana pansi. Chifukwa chake ife lero tifuna kulankhula ndi inu aphunzitsi, makamaka a sukulu za pulayimale, za m'mene mungasamalire mphamvu zanu ndi chimwemwe chanu kuti zikufikitseni kumapeto kwa chaka. Inu makolo musatseke wailesi, pakuti nkhaniyi ikhudza ana anu omwe.

M'chaka chomwecho cha 1994, boma la dziko lathu lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana amene adali pasukulu adali pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo m'chaka chimodzi chokha adafika pafupifupi 3 miliyoni. Chidali chinthu chabwino, ndipo palibe kholo lomwe lingachinyoze. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Zipinda zidachepa, mabuku adachepa, ndipo boma lidalemba ntchito anthu zikwizikwi amene adangophunzitsidwa masabata owerengeka n'kupatsidwa choko. Kuyambira pamenepo cholinga cha Unduna wa Maphunziro chakhala chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma inu nomwe mudziwa kuti m'sukulu zambiri Sitandade 1 imadutsa ana 100, ena ali pansi pa mtengo wa mango, maso ali kumseu.

Tsono choopsa chenicheni sichakuti mphunzitsi adzasiya ntchito. Osiya ntchito alipo, koma ambiri satero, pakuti ali ndi ana oti awadyetse. Choopsa ndi chakuti thupi limabwera kusukulu tsiku ndi tsiku, pamene mtima udatsanzika kalekale. Mphunzitsi wotere amalemba zolemba pa bolodi, nauza mwana mmodzi kuti alembe maina a olongolola, iye nakakhala pakhonde kudikira belu. Palibe amene amamdzudzula, poti rejisitala yaitanidwa ndipo sikimu yalembedwa. Koma pakapita zaka zinayi timapeza mwana wa Sitandade 4 amene sangathe kuwerengera agogo ake kalata, ndipo mwana ameneyu posachedwa adzati sukulu si yake, napita kukaweta mbuzi kapena kukakwatiwa.

Sitinena kuti mphunzitsi wotereyu ndi waulesi. Ambiri mwa iwo adatuluka ku koleji ali ndi changu chonga moto wa m'tchire. Adakuwa, adachonga makope mpaka usiku, adapsa mtima, adadandaula, ndipo mphamvu zidatha msanga. Ali ngati banja limene lakolola bwino, koma lagulitsa ndi kuphika mosayang'ana, kotero kuti pofika Okutobala nkhokwe yayamba kuonetsa pansi, pamene Febuluwale akali kutali. Mai wanzeru amatapa chimanga ndi muyeso. Mphunzitsi nayenso ayenera kudziwa kumene mphamvu zake zimatayikira, ndi kutseka mipata imeneyo.

Mavutowa si a ku Malawi kokha, ndiponso si atsopano. M'chaka cha 1679, mu mzinda wa Reims ku France, wansembe wina dzina lake Jean-Baptiste de La Salle adayamba kuthandiza pa ntchito yotsegula sukulu zaulere za ana a amphawi. Ana adabwera ambiri, makalasi adadzaza, ndipo aphunzitsi adali anthu osaphunzira kwenikweni, amene ankatopa ndi kuthawa ntchito. Munthu ameneyu, amene Papa Pius XII adamutcha nkhoswe ya aphunzitsi m'chaka cha 1950, sadataye nthawi ndi kuwalalikira kuti alimbe mtima. Adakhala pansi pamodzi nawo kufunafuna njira zoti munthu mmodzi aphunzitse ana ambiri osadzipha yekha, ndipo zina mwa njira zimenezo zingagwire ntchito ngakhale lero ku Nsanje kapena ku Chitipa.

Mpata woyamba umene adautseka udali wa pakamwa. Adalangiza aphunzitsi ake kuti azilankhula pang'ono, ndipo aliyense adali ndi kachipangizo ka mtengo kolira ngati kamtengo kothyoka. Kakalira, ana onse ankayang'ana kwa mphunzitsi, ndipo iye ankaloza ndi dzanja chimene afuna. Taganizirani, inu amene pofika Lachinayi mau amakhala atasasa. Mau a munthu mmodzi sangapambane mau a ana 100, ndipo mukakweza anu iwonso amakweza awo. Sankhani chizindikiro chimodzi, kaya kuomba m'manja katatu ana n'kuyankha kawiri, kaya kukweza mkono, ndipo muphunzitse chizindikirocho monga muphunzitsa phunziro lina lililonse, kubwereza mpaka chilowe. Mukachipereka, imani chete, osayamba kulankhula ana asanakhale bata. Masiku oyamba mudzaona ngati nthawi ikutayika, koma pakutha sabata ziwiri mudzapeza kuti mukalankhula motsitsa mau ana amatchera khutu, poti adziwa kuti mphunzitsi wao sabwereza kasanu. Ndipo madzulo mudzafika kunyumba muli ndi mau oti mucheze ndi banja lanu.

Mpata wachiwiri ndi wofuna kuchita zonse wekha. M'buku la Eksodo, mutu 18, timva za Mose amene ankaweruza milandu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kufikira mpongozi wake Yetero adamchenjeza kuti adzadzitopetsa iye mwini pamodzi ndi anthuwo, namulangiza kuti asankhe atsogoleri a magulu akulu ndi ang'ono, iye azingoona milandu yovuta. M'sukulu za de La Salle namonso ana adali ndi maudindo: wina woliza belu, wina wosunga kiyi, ena osesa, ena ogawa mapepala. Kalasi ya ana 100 ndi mudzi, ndipo mudzi suyenda popanda nduna. Gawani ana m'magulu a khumikhumi, gulu lililonse likhale ndi dzina lake ndi mtsogoleri wake. Iyeyo ndiye agawe mabuku ndi kuwasonkhanitsa, ndiye akuuzeni amene sadabwere, ndiye aone ngati anzake alemba tsiku pamwamba pa kope. Maudindowa azisinthana, ndipo musaope kupatsa udindo mwana wovuta uja. Kawirikawiri mwana wosokoneza ndi mwana amene ali ndi mphamvu zosowa ntchito. Chimodzi chokha musampatse mwana: mkwapulo, kapena udindo wolanga anzake.

Pa nkhani ya makope tiyeni tiwerengere pamodzi. Makope 100, kope lililonse mphindi imodzi, ndi ola limodzi ndi mphindi 40, ndipo limenelo ndi phunziro limodzi lokha. Munthu amene alumbira kuti adzachonga zonse tsiku lililonse adzatero mwezi umodzi, kenaka adzasiyiratu, ndipo ana adzaleka kulemba poona kuti palibe woyang'ana. N'kwabwino kuchita zochepa zimene mungapitirize chaka chonse. Masamu a mayankho afupiafupi ana angathe kuchongerana atasinthana makope, inu mukulemba mayankho pa bolodi. Pamene ana akulemba, yendani pakati pao ndi cholembera m'manja, muchonge pomwepo, pakuti cholakwa chokonzedwa mwana akuona chimaphunzitsa koposa mzere wofiira umene adzaupeza mawa. Ndipo tsiku lililonse tengani makope a magulu awiri okha, muwawerenge mofatsa. Pakutha sabata mudzakhala mutaona ntchito ya mwana aliyense, ndipo mudzadziwa ngati phunziro lidalowa kapena liyenera kubwerezedwa. Kuthamangira kumaliza silabasi ana atatsala kumbuyo kuli ngati woyendetsa ngolo amene afika pamsika msanga, matumba atagwera m'njira.

Tsono tinene za maina. Munthu sakondwera kuphunzitsa khamu. Amakondwera kuphunzitsa Chikondi, Mavuto ndi Tiyamike. Pamene ana onse ali "iwe wa malaya ofiira", ntchito imakhala ngati yothira madzi mumchenga. Mukaloweza maina asanu pa tsiku, ana 100 mudzawadziwa onse m'masabata anayi, ndipo teremu ino ikali ndi nthawi yokwanira. Podziwa dzina mudzayamba kuonanso zina. Mwana amene amagona m'kalasi mwina sadadye chilichonse kuyambira dzulo masana. Ndicho chifukwa chake mabungwe monga Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake m'dziko lino m'chaka cha 2002, amaphika phala m'sukulu. Mwana amene amakopera molakwa nthawi zonse mwina saona bwino bolodi, ndipo amene sayankha mukamuitana mwina khutu lake lili ndi vuto. Musanamutche wamwano kapena mbuli, muikeni kutsogolo muone. Ngati vuto lipitirira, uzani makolo ndi ahedi, pakuti alipo aphunzitsi amene adaphunzira ntchito yothandiza ana otere ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Mkwiyo wambiri wa mphunzitsi umachokera pa kuganiza kuti mwana akuchita dala, pamene mwanayo akungolephera.

Palinso kanthu kena kakang'ono kamene kamasintha kalasi. Mai wina wa ku America, Mary Budd Rowe, adafufuza m'zaka za m'ma 1970 za m'mene aphunzitsi amafunsira mafunso. Adapeza kuti ambiri akafunsa amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenaka amaloza mwana wina kapena kuyankha okha. Aphunzitsi ataphunzira kudikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho a ana adatalika, ndipo ana amene kale sankayankha adayamba kuyesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani funso, muwerenge mumtima mpaka kasanu, ndipo mutchule dzina pambuyo pake, osati poyamba, kuti onse aganize. Nthawi zina auzeni kuti aliyense ayambe wauza mnzake wa pambali yankho lake. Potero ana 100 alankhula onse m'mphindi imodzi, ndipo mtsikana wamanyazi uja, poti wayesa kale yankho lake pa mnzake, adzakweza mkono. Mphunzitsi amene amangomva mau a ana asanu omwewo chaka chonse amayamba kukhulupirira kuti ena onse ndi miyala, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndicho chimapha mtima wa ntchito.

Za mkwapulo tinene mosabisa. Malamulo a sukulu zathu amaletsa kumenya ana, ndipo tidziwa kuti alipo aphunzitsi ndi makolo amene amati popanda mkwapulo mwana sangamve. Ife tingofunsa kuti: kodi mkwapulo umasiya chiyani mwa womenyayo? Munthu amene wakwapula ana khumi m'mawa salowa m'phunziro lotsatira ali ndi mtendere. Ndipo ana ozolowera mkwapulo amakhala chete pokhapokha mkwapulo uli pafupi, kotero kuti mphunzitsi amasanduka mlonda amene sangatembenuke kulemba pa bolodi. John Bosco, wansembe wa ku Turin ku Italy, amene adamwalira m'chaka cha 1888, adalera anyamata a m'miseu, ena otuluka m'ndende, ndipo njira yake idali yotsekereza cholakwa chisanachitike: kukhala pakati pa ana nthawi yopuma, kuwauza malamulo momveka pamodzi ndi zifukwa zake, ndi kudzudzula mwana payekha m'malo momchititsa manyazi pagulu. Malamulo a kalasi akhale ochepa, anayi kapena asanu, ndipo chilango chake chidziwike kale, chikhale chimodzimodzi kwa mwana wa amfumu ndi kwa mwana wamasiye. Mukamva mtima ukuwira, uzani mwanayo kuti muonana pa nthawi yopuma. Pofika nthawi imeneyo mlandu udzakhala utachepa. Ndipo chibalo chisakhale chokumba dzenje pamene anzake akuphunzira kuwerenga, pakuti pamenepo mwalanga mwana ndi umbuli, chinthu chomwe mudalembedwa ntchito kuti muchichotse.

Za kukonzekera sitichulukitsa mau, poti alangizi a maphunziro a m'zoni yanu amazinena kawirikawiri. Tingoti phunziro losakonzekera limatopetsa koposa lokonzekera, chifukwa ana amadziwa msanga kuti mphunzitsi akusakasaka njira, ndipo phokoso limayambira pamenepo. Kusowa kwa zipangizo n'koona, koma a ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri za kugwiritsa ntchito zimene zili pafupi: zitsekero za mabotolo ndi njere zowerengera, makatoni olembapo malembo, mchenga wa pabwalo wolembapo ndi chala. Ana omwewo adzakubweretserani zimenezi mokondwa mukawapempha.

Koma chimene chimalemetsa mtima koposa zonsezi ndi muyeso umene mphunzitsi amadziyesa nawo. Ngati mudziyesa ndi ana amene adzasankhidwe kupita ku sekondale pambuyo pa mayeso a Sitandade 8, mudzakhala wolephera chaka ndi chaka, pakuti malo a ku sekondale ndi ochepa ndipo si inu mumawagawa. Ngati mudziyesa ndi chiwerengero cha mabuku kapena kukula kwa kalasi, mukudziimba mlandu wa ena. Dziyeseni ndi zimene zili m'manja mwanu. Pa chiyambi cha mwezi itanani ana mmodzimmodzi, owerengeka pa tsiku, muone amene adziwa malembo, amene angaphatikize maphatikizo, ndi amene angawerenge chiganizo. Lembani zimenezi m'kope lanu. Pakutha mwezi yesaninso. Mudzapeza kuti ena asuntha, ndipo mudzawadziwa ndi maina. Kope limeneli si la ahedi kapena la alangizi. Ndi lanu, loti mulitsegule tsiku limene mtima ukukuuzani kuti mukugwira ntchito yachabe. Likuthandizaninso kukhazika pamodzi ana otsalira, kuti pamene ena akulemba inu mukhale nawo mphindi khumi pa zimene akusowa. Aphunzitsi a de La Salle ankalemba za khalidwe la mwana aliyense pa kutha kwa chaka, kuti wolandira kalasiyo asayambe mumdima. Inunso mukapereka kope lotere kwa mnzanu wa kalasi yotsatira, mwamupatsa mphatso ya mwezi wathunthu.

Tisanamizane: zonsezi sizikweza malipiro, sizimanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo sizichepetsa ana m'kalasi. Madandaulo a aphunzitsi pa zimenezi ndi olungama, ndipo wantchito ayenera kulandira zake pa nthawi yake. Kukhala wokondwa pa ntchito sikutanthauza kutseka pakamwa. Koma dandaulo lili ndi khomo lake: kwa ahedi, ku komiti ya sukulu, ku ofesi ya maphunziro, ku bungwe la aphunzitsi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri si amene adachedwetsa malipiro, ndipo sayenera kulipira ngongole imeneyo ndi tsogolo lake. Ndiponso dandaulo lobwerezedwa tsiku lililonse pansi pa mtengo nthawi yopuma, popanda wolitengera kumene lingamveke, limangowawitsa mitima ya aphunzitsi achinyamata amene angofika kumene.

Mipata ina ili kunja kwa kalasi, ndipo tonse tiidziwa. Katapila amadya malipiro asanafike, ndipo munthu amene akuwerengera ngongole mumtima sangawerengetse ana. Mowa wa pakati pa sabata umalonjeza kuiwalitsa mavuto, koma m'mawa mavutowo amadzuka pamodzi ndi mutu wowawa, ndipo ana amamva fungo ngakhale sanena. Sitinena izi monyoza, pakuti ambiri adagwa m'menemo chifukwa chosungulumwa, atatumizidwa kutali ndi kwao, kumalo kumene sadziwa munthu. De La Salle adaona msanga kuti chimene chinkagwetsa aphunzitsi ake chidali kukhala payekhapayekha. Adayamba kuwaitana kudzadya kunyumba kwake, ndipo m'chaka cha 1681 adawatenga kukhala nawo m'nyumba momwemo, ngakhale abale ake, amene adali anthu olemekezeka mumzindamo, adaipidwa nazo kwambiri. Pa chakudya aphunzitsiwo ankakambirana za m'kalasi, wina n'kuphunzira kwa mnzake. Mutu umodzi susenza denga. Pa sukulu iliyonse pali mphunzitsi wina, kawirikawiri mai wachikulire wa Sitandade 1 kapena 2, amene kalasi yake imakhala bata popanda kukuwa. Pemphani kukakhala kumbuyo kwa kalasi yake phunziro limodzi, ndipo iyenso adzaone lanu. Amene muphunzitsa kalasi imodzi konzekerani limodzi, wina masamu wina Chichewa. Ndipo inu ahedi, mphunzitsi watsopano akafika musamponyere kalasi imene ena onse akana. Mpatseni mnzake womuyang'anira, ndipo mukalowa m'kalasi yake yambani mwanena chimene wachita bwino, pakuti munthu amene amangomva zolakwa zake amaphunzira kubisa, osati kukonza.

Tsiku lopuma nalonso lisungidwe. Makope asalowe m'nyumba Lamulungu. Pitani kukapemphera, kaoneni dimba lanu, chezani ndi ana anu, mugone mokwanira.

Potsiriza titembenukire kwa inu makolo ndi mafumu, amene mwatimvera mpaka pano. Mwana wofika mochedwa amadula phunziro la anzake onse, ndipo mwana wojomba masiku a msika kapena a ganyu amabwerera atatsala, mphunzitsi n'kuyambanso naye. M'madera m'mene muli zinamwali, kambiranani ndi ahedi kuti zichitike pa tchuthi. Mukamva kuti mwana walangidwa, pitani mukafunse mwaulemu musananyoze mphunzitsi pamaso pa mwanayo, pakuti mau amene munena pa mphasa madzulo mwana amapita nawo m'kalasi m'mawa. Ndipo poti mvula yayandikira, a komiti ya sukulu apite sabata ino akaone madenga a nyumba za aphunzitsi ndi zimbudzi za ana, agwirizane ndi mafumu za udzu, njerwa ndi tsiku la ntchito, mitambo isanayambe kusonkhana.